Indiketa nayonso ndi mawu: za kuphunzitsa oyendetsa galimoto m'chilankhulo chawo

Lamlungu masana, pabwalo la mpira lomwe anyamata sanafikepo, galimoto imanyamuka modumpha n'kuzima. Pachiwongolero pali mayi wachikulire amene wangogula galimoto yake yoyamba, ndipo pambali pake pakhala mwana wa mchimwene wake, yemwe anatenga laisensi chaka chatha. "Azakhali, siyani kilatchi," akutero mnyamatayo. Iwo n'kusiyadi, monga mmene munthu amasiyira mphika wotentha, ndipo galimoto izimanso. Mayiyo sanalakwe kanthu, achita zimene auzidwa. Wolakwa ndi mphunzitsi, amene watenga mawu a Chingerezi omwe anawamva kusukulu yake n'kuwaveka Chichewa chosawakwana.

Zoterezi zimachitika ku Ndirande, ku Matero, ku Chipata ngakhalenso ku Ulongwe, ndipo ambiri amangoziseka. Koma zikuonetsa vuto limene olankhula Chichewa ndi Chinyanja sanalilingalire mokwanira. Anthu ambiri amaphunzira kuyendetsa galimoto m'chilankhulo chosakaniza: mayina a zida ndi malamulo amawaloweza m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, pomwe chifukwa cha lamulo lililonse palibe amene amawafotokozera m'chilankhulo chimene amaganiziramo akadzidzimuka.

Kilatchi yomweyo ndi chitsanzo chabwino. Ntchito yake ndi kulumikiza kapena kulekanitsa injini ndi magiya. Ikapondedwa mpaka pansi, mphamvu ya injini sifika kumatayala. Phazi likamakwera, zimbale za m'kati zimayamba kukhudzana. Pamafika pena pomwe kulira kwa injini kumatsika pang'ono ndipo galimoto imanjenjemera ngati ikufuna kunyamuka. Pamenepo phazi liyenera kudikira kamphindi, kwinaku lamanja likuwonjezera moto pang'ono. Mneni woti "kusiya" sanyamula zonsezi. Mphunzitsi akadati, "Nyamulani phazi pang'onopang'ono, ikayamba kunjenjemera muligwire pomwepo," azakhali aja akadazungulira bwalo lonse tsiku lomwelo.

Pali ena amene akamva nkhani yotere amathamangira kupeka mayina atsopano, kuti buleki, giya, hutala ndi indiketa zipatsidwe mawu a Chichewa chenicheni. Ntchito imeneyo njosafunika. Chiwongolero chili ndi dzina lake lakwawo ndipo linakhazikika bwino. Mawu enawo ndi obwereka, koma anakhala nzika kalekale, ndipo ndi amene makaniko amamva. Mnyanja wa ku Tete kapena ku Angónia akanena travão, embraiagem kapena pisca, nayenso sakulakwa. Chosowa si mayina a zida. Chikusowa ndi aneni olondola ndi ziganizo zofotokoza zimene phazi, dzanja ndi diso ziyenera kuchita, komanso nthawi yake.

Nthawi ndiyo imapangitsa kuti nkhaniyi isakhale ya kukoma kwa chilankhulo chabe. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Wophunzira amene akuyamba watanthauzira m'mutu mawu a mphunzitsi asanaponde buleki amataya sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo mamita amenewo sabwerera. Ngakhale ulemu umene Achewa amaunyadira uli ndi mtengo wake m'galimoto. Mwana woleredwa bwino sangakalipire azakhali ake. Amayamba ndi "mwina mutachepetsako liwiro pang'ono," ndipo pomwe akumaliza chiganizocho mbuzi yafika kale pabampala. Njira yake njapafupi: injini isanalizidwe, awiriwo agwirizane mawu ochepa, aafupi, amene sadzatengedwa ngati mwano, monga "buleki", "imani", "kumanja", "kumanzere". Apewenso msampha umene chilankhulochi chinatchera chokha. Mphunzitsi wofuna kuti wophunzira abwezere manja onse awiri pachiwongolero akafuula kuti "Manja!", wophunzirayo akhoza kukhotera kumanja.

Chinthu chimodzi chimathandiza olankhula Chichewa kulikonse kumene ali. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa, Botswana, Tanzania ndi Britain, mayiko onsewa amayenda kumanzere kwa msewu. Mozambique sinasinthe ngakhale pomwe Portugal inasamukira kumanja mu 1928, poti inazunguliridwa ndi mayiko oyenda kumanzere. Motero zimene munthu waphunzira ku Zomba za malo a galimoto pamsewu zimagwira ntchito ku Harare, ku Johannesburg ndi ku Leeds. Amene ayenera kusintha ndi wolowera ku Angola kapena wowoloka pa Kasumbalesa kupita ku Congo.

Kuyenda kumanzere kumatanthauza kuti woyendetsa amakhala kumanja kwa galimoto, pafupi ndi mzere wapakati, ndipo mbali imene saidziwa bwino ndi yakumanzere. Tsoka ilo, kumanzereko ndi kumene kuli moyo wonse wa misewu ya kuno: akabaza, njinga zosenza makala, ana a sukulu, amayi osenza nkhuni, ndi phula lodyeka m'mphepete. Wophunzira woopa magalimoto obwera kutsogolo amathawira kumanzere mosazindikira. Woopa ngalande amakakamira mzere wapakati. Onse awiri ali ndi nthenda imodzi, yoyang'ana pamphuno pa galimoto. Manja amatsata maso. Amene waphunzitsidwa kuponya maso patali, pakati pa njira yake, amapeza kuti galimoto ikudzikhalira yokha pamalo oyenera.

Chimene aphunzitsi ambiri sanena n'chakuti malo a galimoto pamsewu amalankhula. Galimoto ikasendera ku mzere wapakati n'kuchepetsa liwiro, wam'mbuyo amadziwa kuti ikukhotera kumanja ngakhale nyali isanayake. Ikaphethira kumanzere koma thupi lake likusendera kumanja, yanena zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo woyendetsa njinga yamoto amene ali kumbuyo asankha yekha choti akhulupirire. N'chifukwa chake ndondomeko ya kukhota siyenera kusokonezedwa: choyamba galasi, kenako indiketa, kenako malo ndi liwiro, ndipo kukhota kubwere pomaliza. Wokhotera kumanja amadula njira ya obwera kutsogolo, choncho amaima pafupi ndi mzere wapakati n'kudikira, matayala ali owongoka. Akadikira atapinda kale chiwongolero, wina n'kumugunda kumbuyo, galimoto imakankhidwira m'njira ya obwerawo. Wokhotera kumanzere amakhala kumanzere kwake, osayamba watuluka kumanja ngati thiraki, ndipo asanakhote amatembenuza mutu. Pambali pa galimoto, chakumbuyo pang'ono, pali malo amene galasi lililonse silionetsa, ndipo njinga yonse ndi wokwera wake imakwanamo. Mayeso a K53 a ku South Africa amalimbikira kwambiri kuyang'ana malo amenewa. Chichewa chilibe dzina limodzi lokhazikika la malowo, koma "pomwe galasi siliona" n'chiganizo chokwanira, ndipo mwana aliyense akhoza kuchimva.

Indiketa ndiyo mawu enieni a galimoto, ndipo ili ndi malamulo ake ngati chilankhulo china chilichonse. Ndi mneni wa zam'tsogolo. Imati "ndikufuna kukhota", osati "ndakhota". Oyendetsa ambiri amaigwiritsa ntchito ngati mneni wa zochitika kale: buleki, chiwongolero, kenako nyali, ngati munthu wonena "odi" atakhala kale pampando. Ena amaiyatsa msanga kwambiri, pasadakhale kamsewu kena kamene sakulowamo, ndipo wodikira pakamsewuko amatuluka pokhulupirira kuti galimotoyo ikulowa momwemo. Ena amaiiwala ikuphethira, poti imadzizimitsa yokha pokhapokha chiwongolero chikapindidwa mokwanira, ndipo imayenda ikunama makilomita angapo. Pa raundabauti, pomwe wolowa amapatsa mpata wochokera kumanja, nyali yakumanzere imayatsidwa munthu akangodutsa msewu womaliza asanafike pa wake. Ndipo indiketa si chilolezo. "Odi" sapatsa munthu ufulu wolowa m'nyumba eni ake asanayankhe.

Kamtengo koyatsira indiketa nako kamasamuka. M'magalimoto ambiri ochokera ku Japan kali kumanja kwa chiwongolero, pomwe m'ambiri opangidwa ndi makampani a ku Ulaya kali kumanzere. Wobwereka galimoto ya mnzake, amene wapukuta galasi dzuwa likuswa mtengo pamphambano, wangolankhula ndi dzanja lolakwika.

Nkhani yovuta kwambiri ili pamisewu ikuluikulu. Pa M1, pa Great East Road, ndi pamsewu wochoka pa Zobue kudzera ku Tete mpaka pa Cuchamano, oyendetsa anapanga chilankhulo chawochawo chimene sichipezeka m'buku la malamulo a pamsewu. Thiraki yakutsogolo ikaphethira kumanja, ikuuza wam'mbuyo kuti asaipitirire, kukubwera galimoto. Ikaphethira kumanzere, ikuti njira ilibe kanthu. Usiku, ena amayatsa nyali yakumanja pokumana ndi anzawo, kuwaonetsa pomwe thupi la galimoto lathera. Ku South Africa, wopatsidwa mpata amathokoza pophethira mahazadi kawiri kapena katatu. Kuthwanimitsa nyali zikuluzikulu kungatanthauze moni, mkwiyo, "dutsani", kapena "kutsogoloku kuli apolisi".

Chilankhulo chimenechi si chauchitsiru. Chinabadwa pamisewu yopapatiza, ya njira imodzi mbali iliyonse, pomwe galimoto yaing'ono ikhoza kutsatira thiraki yolemedwa pamtunda kwa mphindi zambiri osaona kutsogolo. Woyendetsa thiraki ali pamwamba, amaona patali, ndipo kuphethira kwake ndi chifundo. Vuto lake n'lakuti chizindikiro chimodzi chasenzetsedwa matanthauzo awiri. M'kulankhula kwa anthu zoterezi sizivuta: wakumva "mtengo" amadziwa ngati akunena wa kumsika kapena wa kunkhalango, ndipo akakayika amafunsa. Pamsewu palibe kufunsa.

Komabe si mawu onse a matanthauzo awiri amene ali oopsa. Masamba oikidwa pamsewu amatanthauza maliro pamudzi kapena galimoto yowonongeka kutsogolo, ndipo matanthauzo onsewo amafuna chinthu chimodzi, kuchepetsa liwiro. Nyali yakumanja ya thiraki ili chimodzimodzi: kaya ikukhotadi kumanja, kaya ikuchenjeza, wam'mbuyo ayenera kukhala kumbuyo komweko. Yakumanzere ndiyo yosiyana. Ikhoza kutanthauza "pitirirani". Ikhozanso kutanthauza kuti thirakiyo ikukhoteradi kumanzere, ndipo poti njaitali iyamba yatuluka kumanja, m'njira yomwe wopitirirayo walowa. Ikhoza kukhala yoiwalika kuchokera pamalo omwetsera mafuta. Ngakhale pomwe ikunenadi kuti "pitirirani", wonenayo sakudziwa mphamvu ya injini ya galimoto yam'mbuyo, sakudziwa kuti woyendetsa wake anatenga laisensi mwezi watha ndipo sanatsitse giya, ndiponso si iye amene akakumane ndi basi ikatulukira pachitunda.

Pali aphunzitsi amene amabisira ophunzira zonsezi, ati poti si zalamulo. Kumeneko n'kutumiza munthu kudziko lachilendo osamuuza kuti anthu ake amalankhula chiyani. Adzazimva ndithu, kwa kondakitala kapena kwa msuweni, ndipo adzazimva ngati nzeru za akatswiri. Enanso amaziphunzitsa monyadira, ngati chinsinsi cha madalaivala enieni. Onse awiri akulakwitsa. Woyendetsa watsopano ayenera kuchimva chilankhulo chimenechi koma asachilankhule. Chenjezo alilandire nthawi zonse. Chilolezo alitenge ngati chifukwa chosendera pang'ono n'kudzionera yekha, ndipo akapanda kuona msewu wokwanira ndi maso ake, kapena mzere wapakati ukakhala wosadukiza, akhale kumbuyo ngakhale thirakiyo iphethire mpaka ku Mwanza. Iye mwini asaitanire wina aliyense kuti amupitirire. Indiketa yake inene chinthu chimodzi chokha, chimene galimoto yake ikufuna kuchita.

Mabungwe oona za pamsewu, monga Directorate of Road Traffic and Safety Services ku Malawi ndi Road Transport and Safety Agency ku Zambia, ali ndi gawo lawo pa mabuku ndi mayeso. Koma ophunzira ambiri amakumana ndi chiwongolero koyamba pabwalo lija, ali ndi mbale wawo pambali, ndipo ziganizo zimene zimanenedwa pamenepo n'zimene zimabwera m'mutu tsiku la zoopsa. Mnyamata uja, asanawatulutse azakhali ake kumsewu wa phula, akhoza kuyamba wazimitsa injini, kuima kumanzere kwa galimoto chakumbuyo pang'ono, n'kufunsa: "Azakhali, mukundiona pagalasi?"