Lamulo la Mabomba Likhale Limodzi kwa Onse

Ndapempha kadanga m'magazini yathu ino kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya mabomba a atomu. Ndidziwa kuti ena adzati, "Zimenezi nza Azungu, ife a pa Masongola tiri ndi mayeso oti tiganizire." Koma ine nditi nkhaniyi njathu, popeza mwala umene apangira mabombawo ukumbidwa m'dziko lathu lomwe lino.

Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, kuli mgodi wa yureniyamu. Kampani ya Paladin ya ku Australia inayamba kukumba mu 2009, ndipo inaleka mu 2014 mtengo utagwa. Kampani ina, Lotus Resources, inatsegulanso mgodiwo mu 2025. Mwalawo augulitsa kuti ukapangire magetsi, ndipo imeneyo ndi nchito yabwino. Koma mwala womwewo, akauyenga kwambiri, usanduka bomba. Yureniyamu wambiri wa m'bomba limene America anaponya pa Hiroshima pa 6 August 1945 anachokera ku Shinkolobwe, m'dziko la Congo. Anthu ngati 140,000 anafa chakacho chisanathe. Nkhondo yake inali yomweyo imene asilikari athu a K.A.R., amene malo ao anali pa Zomba pano, anakamenya ku Burma. Aafirika amene anakumba mwalawo sanafunsidwe kanthu.

Mu 1968 maiko anapangana kuti zida zoopsazi zisafale. Panganolo linazindikira maiko asanu amene anali nazo kale, ndiwo America, Russia, Britain, France ndi China, ndipo ena onse analumbira kuti sadzapanga. Nao asanuwo panganolo liwalamula kukambirana ndi mtima woona za kutaya zida zao. Malawi analowamo mu 1986 ndipo wasunga mau ake. Nanga akuluwo? Zaka zoposa 50 zapita, koma pa dziko lapansi pakali mabomba oposa 12,000, ndipo pa khumi alionse, ngati asanu ndi anai ndi a America ndi Russia.

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina pali pulifekiti amene alanga anzake chifukwa chosuta fodya, pamene iye mwini ali ndi ndudu m'thumba, ndiponso abwenzi ake akasuta ayang'ana kumbali. Kodi lamulo lotere ndani angalilemekeze? Umu ndimo maiko akulu achitira. India sanalowe m'panganolo, anaphulitsa mabomba mu 1974 ndi mu 1998, koma mu 2008 America anapangana naye malonda a zipangizo za atomu. Israel naye sanalowe. Savomera ndipo sakana kuti ali ndi mabomba, koma abwenzi ake samfunsa. Iran analowa, ndipo mu 2015 analola kuti anthu oyendera aziona nchito zake mosamalitsa. America anatuluka m'chigwirizano chimenecho mu 2018, ndipo mu June 2025 Israel ndi America anaponya mabomba pa malo a atomu a ku Iran.

Sindikuti Iran ndi woyera. Iye anayenga yureniyamu kufikira 60 pa 100, kupitirira kwambiri muyeso wofunika pa magetsi, ndipo anansi ake ali ndi chifukwa chochitira mantha. Chimene ndikana ine ndi bwalo limene oweruza ake ali ndi mlandu womwewo. Akulu anati anyani asekana zikundu.

Tsankho lotere liri ndi mphotho yake yoipa. Libya anataya maganizo opanga bomba mu 2003, ndipo mu 2011 ndege za NATO zinathandiza kugwetsa Muammar Gaddafi. Ukraine anapereka mabomba amene anali m'dziko mwake atalonjezedwa mu 1994 kuti malire ake adzalemekezedwa, koma Russia analanda Crimea mu 2014, nalowanso ndi nkhondo yaikulu mu 2022. North Korea anatuluka m'pangano mu 2003, anaphulitsa bomba mu 2006, ndipo palibe wamthira nkhondo. Mtsogoleri woona zimenezi adzaphunzira chiani? Adzati wotaya mkondo ndiye agwidwa.

Tsono wina angafunse kuti, "Kodi ufuna dziko liri lonse likhale ndi bomba lake?" Iai ndithu. Moto ukachuluka m'mudzi wa nyumba za udzu, tsiku lina mudzi upsa. Njira yabwino Africa waionetsa kale. Pamene France anaphulitsa bomba ku Reggane m'chipululu cha Sahara mu February 1960, Kwame Nkrumah wa ku Ghana anatsutsa poyera. South Africa anapanga mabomba asanu ndi limodzi, nawaphwasula yekha, ndipo F. W. de Klerk anaulula zimenezi mu 1993. Pangano la Pelindaba la 1996 liletsa zida zimenezi mu Africa monse. Mu 2017 maiko ambiri analemba pangano latsopano loletsa mabomba a atomu kwa wina aliyense, ndipo Malawi analivomereza mu 2022. Mwa maiko okhala ndi mabomba palibe ndi limodzi lomwe limene lasaina.

Chifukwa chake ife tiri ndi pakamwa poyankhulira. Boma lathu liyenera kudziwa bwino kumene mwala wa ku Kayelekera upita ndi nchito imene ukagwira, ndipo nthumwi zathu ku United Nations zisatope kukumbutsa akuluwo za lonjezo lao. Ife ophunzira tilimbikire sayansi ndi mbiri yakale, kuti mawa pokambirana za migodi yathu pakhale Amalawi odziwa chimene agulitsa. Anthu a ku Shinkolobwe sanadziwe. Ife tisadzanene kuti sitinadziwe, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.