MUST yake iti, akuluakulu?

Akuluakulu amene akukonza buku la mbiri ya Amalawi odziwika agamula zoti mayina a mayunivesite azingolembedwa mwachidule. Ati akusunga mapepala. Ati aliyense amawadziwa kale mayinawo. Aliyense wake uti?

Munthu amatsegula buku lotere chifukwa sakudziwa. Wodziwa kale saliyang'ana n'komwe. Ndiye mukamuponyera zilembo zinayi n'kumusiya pomwepo, mwamuthandiza chiyani?

Tengani MUST. Kwa ife ndi Malawi University of Science and Technology, ya ku Ndata m'boma la Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014. Kungowoloka Songwe, MUST ndi ya ku Mbeya. Ku Uganda ndi ya ku Mbarara. Ku Macau ilikonso ina. Mlendo wowerenga kuti wakutiwakuti adaphunzira ku MUST alota bwanji kuti mukunena ya ku Thyolo?

Za UNIMA ndiye zomvetsa mutu. Kale dzinali linkafungatira Chancellor College, Polytechnic, Bunda, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Bunda idatuluka n'kupanga LUANAR. Mu May 2021 yotsalayo idagawidwa patatu: Chancellor College idatsala ndi dzina, Polytechnic idasanduka MUBAS, anamwino ndi madokotala adaphatikizana kukhala KUHeS. Tsono dokotala amene adamaliza maphunziro ku Blantyre mu 2005 mumulembera chiyani? Mukati UNIMA basi, mwana wa lero ayesa kuti udokotala adauphunzirira ku Zomba. Mukati KUHeS mwanama, poti nthawi imeneyo kunalibe. Mankhwala ake ndi amodzi: University of Malawi, College of Medicine, ndi chaka chake.

Koma ayi, ati mapepala adula. Anthu omwewa dzina lawo likamalembedwa safuna chidule. Uprofesa ulembedwe, udokotala ulembedwe, ulemu wonse undandalikidwe mpaka mzere kudzaza, ndipo inki siwathera. Chithunzi cha wapampando chipeza tsamba lonse, mawu othokoza apeza masamba awo. Mapepala amayamba kudula pokhapokha tikafika pa zimene wowerenga wagulira bukulo!

Ena akuti adzaika mndandanda wa zidule kumapeto. Zikomo kwambiri, mabwana. Mwana wa Fomu 4 wa ku Nsanje azingotembenuza buku uku ndi uku kusaka tanthauzo la CUNIMA ndi UNILIA, chonsecho kulemba Catholic University of Malawi ndi University of Livingstonia sikukanathyola munthu dzanja. "Aliyense" amene akumunenayo ndi iwo eni ndi anzawo omwera nawo tiyi mu ofesi.

Lembani dzina lonse poyamba, chidule chitsatire, koleji ndi chaka zionekere. Ngati zimenezi zakulemerani, bwezani ndalama za misonkhano yokonza bukuli, ntchitoyi agwire ena.