Sikolashipu ndi yaulere, koma njira yake si ya mwana wa mlimi



Sabata ino mnzathu wina walemba kuti ife amene tikufunafuna sukulu kunja ndife amantha, tikufuna kuthawa n'kusiya anzathu pamsewu. Ndamumva, ndipo sindikumunyoza. Koma aise, tisanayambe kulozana zala, tione kaye kuti amene akukweradi ndegezo ndi ndani. Ine ndili ndi zaka 24, digiri ili m'chikwama, ndatha chaka ndi theka ndikugogoda khomo limeneli, ndipo silinasunthe.

Mukapita kukafunsira ntchito amati tikufuna wa masters. Mukati chabwino, ndikachite masters, mumapeza Chevening, sikolashipu ya boma la Britain. Ndi yabwino ndithu: imalipira fizi, ndege ndi ndalama yodyera. Koma imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito maola 2,800, ngati zaka ziwiri. Ndiye ntchito ikufuna masters, masters ikufuna ntchito, iwe uli pakati ukugulitsa kaunjika. Amene amakwanitsa maolawo mosavuta ndi uja amalume ake anamulowetsa mu ofesi asanavule n'komwe gauni. (Pano ndikunong'onezeni: internship ndi ntchito yongodzipereka amaziwerengera. Ngati mukuthandiza ku bungwe lililonse, ngakhale osalipidwa, pemphani kalata yosonyeza tsiku loyamba, lomaliza ndi maola. Ine ndinadziwa mochedwa.)

Tsono tiwerenge ndalama zimene umawononga usanaone n'komwe khomo la kalasi. Pasipoti: mukukumbuka kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza kunaima kwa milungu yambiri, anthu n'kumagona pamzere. Mayeso a Chingerezi a IELTS, amene mayunivesite ambiri amafuna ngakhale kuti ife taphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, ndipo zotsatira zake zimatha mphamvu pakatha zaka ziwiri. Kuyezetsa TB, chifukwa Mmalawi wokakhala ku Britain kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayenera kutero. Ngati ukudzilipirira wekha, pali visa, kuphatikizapo mapaundi 776 pachaka a chithandizo cha chipatala, komanso uyenera kusonyeza kuti ndalama za fizi ndi zodyera zakhala mu akaunti masiku 28 osasuntha. Zambiri mwa izi n'za mapaundi ndi madola, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mayi anga amagulitsa tomato. Tomato sanakwere ndi 44 peresenti tsiku limenelo.

Ine kalata yonditenga ndinalandira, ya yunivesite ina ku England, ndi kuchotsera pang'ono pa fizi. Anafuna dipoziti. Achibale anasonkha, wina anagulitsa mbuzi. Ndinapita ku banki ina ndi makwacha anga m'manja, anandiuza kuti ndilembe fomu ndidikire forex. Ndinadikira mpaka tsiku lomaliza linadutsa. Kunja kwa banki yomweyo anyamata a pa black market anali ndi madola, koma pa mtengo woti mbuzi zonse za m'mudzi mwathu sizikanakwana. Madola m'dziko muno alipo, eti? Kungoti amadziwa kolowera.

Apa ndi pamene madobadoba amapezera msika. Munthu akatopa ndi makomo otseka, amakhulupirira aliyense amene wamumwetulira pa Facebook. Wina akuti lipira pa foni ndikupezera malo ku Canada. Wina akuti ndikubwereka bank statement. Chenjerani ndi ameneyu: a Britain akagwira chikalata chabodza angathe kukutsekera zaka 10, ndipo dobadobayo foni yake idzakhala yozima. Choopsa kwambiri ndi zija za "phunzira uku ukugwira ntchito". Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a ku Africa amene anakopedwa ndi pulogalamu ya Alabuga Start ku Tatarstan, m'dziko la Russia, anakapezeka akulumikiza ma drone a nkhondo m'fakitale. Ndipo tisaiwale mnyamata wa ku Zambia uja, amene anapita ku Moscow kukaphunzira za nuclear, n'kumangidwa, n'kudzafera ku nkhondo ya Ukraine mu 2022. Alongo athu akamalandira mauthenga otere, sikuti ndi opusa ayi. Njira zowongoka zatsekedwa.

Nanga njira ya boma? Tonse timamva kuti mayiko ngati China ndi India amapereka malo a sukulu kwa Amalawi. Funso langa ndi losavuta: malowo amakhala angati chaka chilichonse, ndipo apita ndi ndani? Kawirikawiri chilengezo chimatifika pa WhatsApp ngati chithunzi chosaoneka bwino, kutatsala masiku atatu, chikufuna makalata otsimikizidwa, achipatala ndi apolisi. Wa ku Nthalire kapena ku Makanjira achita bwanji m'masiku atatu? Sindikuti ndagwira munthu akuba. Ndikuti chinthu cha anthu onse chikamachitikira mumdima, tili ndi ufulu wokayikira. Ngati zonse zili bwino, atulutse mndandanda: malo angati, ofunsira angati, osankhidwa ndani, anasankhidwa poona chiyani. Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma amatuluka poyera, aliyense n'kudzionera. Chovuta n'chiyani ndi awa opita kunja? Chilengezo chizituluka mwezi wathunthu nthawi isanathe, pa wailesi ndi ku maofesi a DC, osati pa status ya munthu. Ndipo wophunzira amene ali ndi kalata yeniyeni ya sukulu azipatsidwa forex ya fizi pa mtengo wa ku banki, m'masiku odziwika.

Kwa iwe mnzanga amene unati ndife othawa: John Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg, Virginia, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Nkhope yake timayenda nayo m'thumba, pa ndalama. Chevening yomweyo imalamula kuti ubwerere kwanu zaka ziwiri ukamaliza. Mkangano woti ndani abwerera ndani sabwerera tidzakangana tikadzakhala kuti tonse tingathe kupita. Panopa ana a mabwana akupita mwakachetechete, ife tikutukwanizana pa gulu ndi bandulo yongongola.

Ndiye tithandizane chonchi. Ngati unaberedwa ndi dobadoba, kapena malo ako anapita chifukwa cha forex, kapena chilengezo chinakupeza mochedwa, tumiza nkhani yako ndi ma screenshot kwa ma admin. Fufuta dzina lako ndi nambala yako usanatumize. Tikuzisonkhanitsa kuti pokapereka kalata yathu kwa akuluakulu tikapite ndi umboni m'manja. Uthengawu utumize ku magulu a kwanu, makamaka kwa a kumudzi amene netiweki imawavuta.