Kodi kavalo wa ku Thyolo anali ndani?

Tchuthi chathachi ndinali kwathu kwa Khwethemule, ndipo masana ambiri ndinkathera pa PlayStation ya mnzanga tikusewera Red Dead Redemption 2. Gemu imeneyi, yomwe a Rockstar Games anatulutsa mu 2018, imakuika mu America ya mu 1899, uli pa kavalo, mfuti ili m'chiuno. Mnzangayo anayang'ana minda ya tiyi panja n'kunena kuti: "Aise, atati awonjezere gawo lina, malo ake ndi ano. Tangoganiza kuthamangitsa kavalo m'mizere imeneyi."

Ndinaseka, koma usiku ndinaiganizira nkhaniyi. Ine ndikuti gemu ya ku Thyolo ikufunika ndithu, koma kavaloyo asakhalemo.

Mu Nyasaland akavalo sankachita bwino chifukwa cha matenda, makamaka ofala ndi kashembe. Azungu ambiri a nthawi imeneyo ankayenda pa machila, atanyamulidwa pamapewa a anthu. Ndiye ukafuna kaboyi wa ku Thyolo wa zaka zimenezo, uyambe wafunsa kuti amene ali pansi pakeyo ndi ndani. Yankho lake ndi agogo athu.

Komanso nkhani za makaboyi zimakoma chifukwa zimaonetsa dziko ngati lopanda mwini, longodikira munthu wolimba mtima. Ku America konko silinali choncho, eni nthaka anachita kuthamangitsidwa. Kunonso malo aakulu anatengedwa ndi atsamunda, ndipo Alomwe ochokera ku Mozambique amene anakhala m'maesiteti ankalipira malo ndi ntchito ya thangata. Mkwiyo wa thangata unali m'gulu la zomwe zinautsa John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915, ndipo mu 1953 ku Thyolo kuno kunabuka zipolowe. Mpaka lero mabanja ambiri amalima kadimba kochepa moyang'anizana ndi tiyi wosaoneka malire.

Wina anena kuti gemu ndi yongosangalatsa, sikalasi ya mbiri. Zoona. Koma anzanga ambiri amadziwa bwino za Arthur Morgan kuposa za thangata, ndipo sanamuphunzire m'buku. Zomwe timasewera zimatsalira m'mutu.

Ndiye tangoganizani gemu imene wosewera ndi mnyamata wa Chilomwe amene wawoloka Ruo ndi banja lake. Asankhe: agwire thangata kuti asathamangitsidwe pamalo, akhale kapitawo n'kumalamula abale ake, kapena athawe usiku wokhometsa msonkho asanafike. Chisankho chilichonse chili ndi mtengo wake. Zimenezi zingandigwire mtima kuposa kuwomberana pa sitolo ya mowa.

Sindikuyembekeza kuti a Rockstar apanga zimenezi. Koma m'makoleji mwathu muli ophunzira za kompyuta, ojambula, ndi ife a mbiri ndi zolembalemba amene timangodandaula za kusowa kwa ntchito. Tikachedwa, adzabwera ena n'kujambula mapiri athuwa mokongola, ife n'kutiika kumbuyo titabereka madengu a tiyi, osayankhula kanthu.