Kabuku ka katswiri sikasankha mbali

Pa Francis Street ku Northbridge kuno pali ofesi za Corruption and Crime Commission. Mu 2008 bungweli linatulutsa lipoti la mlandu wa Andrew Mallard, nkhani imene ana athu ophunzira udokotala, uinjiniya kapena sayansi ayenera kuidziwa, poti mawa lino khothi lidzawaitana ngati mboni zaukatswiri.

Mu 1994 mayi Pamela Lawrence anaphedwa mu shopu yawo ya ndolo ndi mikanda ku Mosman Park. Apolisi anati wakupha ndi Mallard, ndipo chida chinali sipanala. Mlandu usanalowe m'khothi, ofufuza anayesa kumenya mutu wa nkhumba ndi sipanala ya mtundu womwewo. Mabala amene anatuluka sanafanane ndi a malemuwo. Zotsatirazi sizinafike kwa maloya a woimbidwa mlandu, ndipo mu 1995 Mallard anamangidwa. High Court inafafaniza chigamulocho mu 2005, iye n'kutuluka mu 2006, atataya zaka pafupifupi 12.

Onani apa: kuyeza kunachitika bwinobwino, koma zimene anapezazo zinakhala m'kabati chifukwa sizinakomere mbali imene inazifuna. Kuno katswiri akaima pamaso pa woweruza amatumikira khothi, osati amene wamulipira. Choncho kabuku kake kayenera kunena tsiku, nthawi, malo, amene analipo, chida chimene wagwiritsa ntchito ndi zonse zimene waona, ngakhale zomutsutsa yekha. Alembe pomwepo, asadikire madzulo mutu utatopa. Akalakwitsa adule ndi mzere umodzi n'kusayina pambali. Tsamba long'ambidwa loya amalinunkhiza patali. Zithunzi zoyambirira azisunge osazikonza.

Inu a lendi musati izi n'za ophunzira okha. Fomu ija ya property condition report imene amakupatsani polowa m'nyumba ndi kabuku komweko. Mng'alu umene simunaulembe udzadya bondi yanu.

Chodabwitsa n'chakuti chimene chinayeretsa dzina la Mallard ndi umboni wina umene unasungidwa bwino. Chidindo cha chikhatho chimene chinatengedwa mu shopu muja mu 1994 chinayezedwanso mu 2006, n'kupezeka kuti n'cha Simon Rochford, amene anali kale kundende pa mlandu wina wakupha. Mu 2009 boma la Western Australia linapepesa Mallard ndi madola 3.25 miliyoni.