Za Pakhomo: Galimoto Yaing'ono ya Petulo ndi Yaikulu ya Magetsi

Akristu anzathu a ku Chiwamba, ndi inu a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu, Namitete ndi Nambuma, mwezi uno tifuna kukamba za magalimoto. Kapena ena adzati nkhani yotere siyenera anthu akumudzi, amene ambiri ayenda pa njinga ndi pa ngolo. Koma masiku ano mlimi akagulitsa bwino fodya ku Kanengo, kapena mwana wa ku Johannesburg akatumiza ndalama, mau a galimoto amveka pakhomo. Ndipo anyamata, poona zithunzi m'mafoni mwao, auza makolo kuti galimoto ya petulo yatha ntchito, yeniyeni ndiyo yaikulu ija yoyendera magetsi. Tsono tiyeni tiziyese ziwirizi.

Yaing'onoyo muidziwa nonse: Daihatsu Mira, Suzuki Alto, Toyota Vitz ndi zinzake. Zambiri zinayamba zagwira ntchito ku Japan, ndipo zibwera pa sitima kufikira ku Dar es Salaam, ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Imwa petulo pang'ono. Ikadwala, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango aidziwa m'mimba monse, ndipo zitsulo zake zipezeka m'misika ya ku Lilongwe.

Zoipa zake ziriponso. Mimba yake iri pafupi ndi nthaka, kotero kuti m'miseu yathu ya fumbi ikhula pansi, ndipo m'dzinja itsalira m'matope. Inapangidwira anthu anai kapena asanu. Koma ife tiona anthu asanu ndi atatu atapanikizana m'katimo, pamodzi ndi matumba a chimanga. Mkristu woyendetsa chotere akumbukire lamulo lachisanu la Mulungu, pakuti mabuleki a kanthu kakang'ono sangathe kuimitsa katundu woyenera ngolo. Chinanso ndi petulo. Dziko lathu liribe zitsime za mafuta. Kupatula mowa wa nzimbe wa ku Dwangwa ndi Chikwawa umene asakanizamo, petulo yense adzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo agulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zitasowa, mu 2022 ndi mu 2024, anthu anagona pa mizere masiku angapo kudikira mafuta. Ndipo Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa petulo unakwera pomwepo.

Apa galimoto ya magetsi ioneka ngati mfumu. Siitulutsa utsi, siifuna oilo wa injini, zitsulo zoyenda m'kati mwake nzochepa. Ndi yaitali miyendo, ndipo zina zinyamula anthu asanu ndi awiri, banja lonse ndi agogo omwe. Chakudya chake nchochokera kwathu konkuno: madzi a Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi dzuwa limene alitchera ku Salima kuyambira 2021. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anatichenjeza kuti tisaipitse dziko limene Mulungu anatisungiza. Chifukwa chake ife sitinyoza makina otere, ndipo tikhulupira kuti ana a ana athu adzayendamo.

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto imeneyi isunga mphamvu yake m'batire lalikulu la pansi pake, lofuna mayunitsi a magetsi ngati 80 kuti likhute. Pa soketi wamba ya m'nyumba lidzaza patapita usana ndi usiku ndi kupitirirapo, ngati magetsiwo sazima. Nanga nyumba za magetsi a ESCOM ku Chiwamba nzingati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi monse banja ngati limodzi mwa khumi ndilo linali kuunikira ndi magetsi otere, ndipo ambiri a iwo anali m'mizinda. Wina adzati, ine ndiri ndi sola pa denga. Tawerengani bwino, mbale wathu: sola ya mawati 100, imene itchaja mafoni ndi kuyatsa mababu, ipatsa ngati theka la yunitsi pa tsiku la dzuwa labwino. Kuti idzaze batire lija kamodzi kokha, padzapita miyezi isanu, ndiko kuyambira pa kubzala kufikira pa kukolola. Ngakhale a m'mizinda akumbukira kuti namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022, ndipo mdima unavuta koposa chaka.

Kulemera kwake nakonso tikuganizire. Yaing'ono ilemera tani imodzi kapena kucheperapo. Ikatitimira pa dambo, anyamata asanu aikankha ndi kuitulutsa. Yaikuluyo iposa matani awiri, ndipo ikamira, ng'ombe za pa goli limodzi zidzavutika nayo. Batire lake likalakwa, makaniko wa kumudzi asayese kuligwira, pakuti mphamvu ya m'menemo ipha munthu. Za mtengo sitichulukitsa mau: ndalama ya imodzi yotere igula zazing'ono zingapo.

Tsono ife tiweruza motere. Pabanja la kumudzi galimoto iyesedwa ndi chinthu chimodzi: mai wapakati akayamba kumva zowawa pakati pa usiku, kodi idzadzuka ndi kumfikitsa ku chipatala cha Chiwamba, kapena kwa St Gabriel ku Namitete, kapena ku Bwaila? Pa ntchito imeneyi, kufikira mawaya atafika m'midzi mwathu ndi kukhazikika, yaing'ono ya petulo ipambana, ngakhale iri yonyozeka m'maso. Papa Francis yemweyo, pocheza ku America mu 2015, anakwera Fiat yaing'ono pakati pa magalimoto akuluakulu a boma.

Bambo wofuna kugula ayambe wakhala pansi ndi mkazi wake, awerengere pamodzi za matayala, inshuwalansi ndi msonkho wa chaka ndi chaka, atapatula kale fizi ya ana, feteleza ndi chimanga cha m'nkhokwe. Za katapila asaganize nkomwe. Ndipo akaigula, auze a mphakati wake kuti usiku wa matenda angathe kugogoda pakhomo pake, ndi kupangana nao pasadakhale za mtengo wa petulo.