Wokawa chimanga chanu ndi mvula

Aliyense amene anayendapo m'minda ya m'mapiri a ku Dedza kapena ku Ntcheu mwezi wa Januwale anaziona izi. Mbewu ndi imodzi, tsiku lobzala ndi limodzi, koma chimanga cha kumtunda n'chonyozoloka, masamba ake ofiirira moderako m'mphepete, pamene cha kumunsi chili biriwiri, chafika kale m'chiuno. Munda wakumunsiwo ukakhala wa munthu wina, nkhani imakafika mpaka kwa a mfumu. Akuti mnzathuyu amakawa.

Wokawa alipodi, alimi anzanga, koma ndi mvula. Chimene imatenga ndi mchere wa m'nthaka wotchedwa fosiforasi, umene umathandiza chimanga kuzika mizu chikadali chaching'ono. Ukasowa, masamba amafiirira monga ndanenamo.

Fosiforasi ali ndi khalidwe lakelake. Nayitirojeni wa mu Urea amasungunuka n'kuyenda ndi madzi, koma uyu amakakamira ku dothi, makamaka dothi losalala la pamwamba ndi zowolerana zake. Pamene mwamuika, chaka chimatha asanasunthe ngakhale utali wa chala. Tsono akachoka m'munda, ndiye kuti wachoka ndi dothi lenilenilo. Madzi ofiira aja mumawaona akuthamanga mumseu mvula ikagwa anyamula chonde cha kumtunda, ndipo amakachitula pamene phiri lathera, kapena kudambo.

Vuto silithera pomwepo. Dothi lapamwamba likapita, kumtunda kumatsala katondo wofiira, ndipo kufiirako n'chifukwa cha chitsulo chomwe chili m'dothimo. Chitsulochi pamodzi ndi aluminiyamu zimagwira fosiforasi zolimba, mizu osatha kumuyamwa, makamaka m'nthaka ya asidi wambiri ngati ya ku Bembeke ndi ya m'madera a mvula yambiri a ku Mulanje ndi Thyolo. M'nthaka yotere, chimanga chimangopeza gawo limodzi mwa magawo asanu a fosiforasi amene mwathira chaka chimenecho, mwinanso osafika. Kudambo zimatembenuka: madzi akakhalitsa m'nthaka, chitsulo chija chimamasula fosiforasi. Choncho wakumunsi amalandira za mnzake, kenaka nthaka yake n'kumupatsanso mosavuta.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi ulangizi umene tinauzolowera, woti phando lililonse lilandire muyeso umodzi wa feteleza wokulitsa kuyambira pamwamba pa munda mpaka pansi. Muyeso umodzi ndi wosavuta kuphunzitsa pamsonkhano, sindikukana. Koma munda wotsetsereka si mphasa. Mlimi amene wapeza thumba limodzi lokha, mwina atagulitsa mbuzi, sayenera kuligawa mofanana pakati pa mizere yanjala ndi mizere yokhuta.

Taonaninso manambala a pathumba. Feteleza wakale wa 23:21:0+4S anali ndi makilogalamu 10 ndi theka a fosifeti m'thumba la makilogalamu 50. Amene analowa m'malo mwake, wa 23:10:5+6S+1.0Zn, ali ndi makilogalamu 5 okha, ngakhale anabweretsa potashi ndi zinki zomwe minda yambiri inkasowa. Kwa mlimi wa kumunsi kusinthaku mwina n'kwabwino. Kwa amene amalima katondo wokokoloka, fosiforasi wachepa pamalo pomwe amafunika koposa.

Ndiye titani? Manyowa a m'khola ndi a kompositi ayambire kumtunda. Ndikudziwa kuti kukwera phiri ndi dengu pamutu n'kowawa, n'chifukwa chake ambiri timangowakhuthula pafupi ndi njira. Koma manyowa amabweretsa fosiforasi wawo, komanso akamawola amachepetsa mphamvu ya katondo yomanga mcherewu. Feteleza wokulitsa musamwaze. Bayani dzenje pambali pa phando pobzala kapena chimanga chikangomera, thirani, kwirirani. Mukachedwa mpaka chimanga chifike m'mawondo, nthawi yake yapita. Amene angathe kupeza laimu wa m'munda, ayambe wapititsa dothi kukayezetsa, monga ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, ndipo dothi la kumtunda ndi la kumunsi alitenge m'mapepala osiyana. Mukasakaniza, zotsatira zake sizinena zoona za mbali iliyonse.

Ndichenjezepo pang'ono. Si munda uliwonse umene kumunsi kuli chonde. Pamene madzi amathamanga kwambiri amasiya mchenga m'munsimo, dothi losalala n'kupitirira nalo kumtsinje. Kumeneko onse awiri, wapamwamba ndi wapansi, aluza. Komanso chimanga chimatha kufiirira chifukwa cha kuzizira kapena madzi odikha, choncho yang'anani munda wanu kwa zaka ziwiri zitatu musanagamule.

Koma zonsezi n'kutunga madzi ndi dengu ngati dothi likupitabe. Chilimwe chino, mvula isanayambe, itanani alangizi mulembe akalozera ndi chida chija cha A-felemu, mizere yonse itsate akalozerawo, mutseke ngonyeka m'makwawa. Mvula ikakhazikika, bzalani udzu wa vetiva pa akalozera. Pakatha zaka zingapo mudzaona dothi lakuda litaunjikana kuseri kwa udzuwo, pamalo pomwe kale panali katondo yekhayekha.